Tifunseni: Mafayilo a ku Ofesi, Chiswe ndi Malisiti Ofufutika

Mwezi uno makalata ambiri amene talandira akukhudza mapepala a kuntchito: kowasunga, kawasungidwe kake, ndi chochita nawo akachuluka. Tasankhapo angapo. Ayankha ndi anzathu amene ntchito yawo ndi yosamala mafayilo ndi zolemba zakale.

Makatoni athu adyedwa ndi chiswe

*Mabuku a mamembala, malisiti ndi maminitsi a misonkhano timawasunga m'makatoni m'kachipinda kakuseri kwa ofesi. Chaka chino tapeza makatoni apansi atadyedwa ndi chiswe, ena mapepala atamatana, akununkha chuku. Ndalama zomangira chipinda china tilibe. Titani? — Mlembi wa kopaletivi ya alimi, Mulanje*

Alembi, chipinda china chisakusowetseni tulo, chomwecho chikhoza kukonzeka. Choyamba chotsani chilichonse pansi. Simenti imaoneka youma koma imakoka chinyezi kuchokera m'nthaka, ndipo katoni yokhala pasimenti imayamwa chinyezicho usana ndi usiku. Chiswe nachonso chimatulukira m'ming'alu ya pansi ndi m'mbali mwa khoma n'kulowa m'katoni chakunsi, moti pamwamba pamaoneka bwinobwino pomwe m'kati mwatsala dothi lokhalokha. Inu alimi nzeru yake mukuidziwa kale: nkhokwe imakhala pamwamba pa miyala, pansi pake n'kumapita mphepo. Mapepala amafuna zomwezo.

Pitani kwa mmisiri wowotcherera akupangireni mashelefu achitsulo, awapake penti kuti asachite dzimbiri. Shelefu yapansi italikirane ndi simenti masentimita 15, ndipo ngati madzi anayamba alowapo m'chipindacho, masentimita 30 kapena kuposa. Kumbuyo musagunditse kukhoma, makamaka khoma lakunja limene mvula imawomba. Pasiyeni mpata woti dzanja lilowe. Pamwamba musafikitse katundu kudenga, chifukwa pansi pa malata ndi pamene pamatentha kwambiri ndiponso pamene dontho loyamba limagwera. Mmisiriyo mumuuze kulemera kwake, poti ambiri amaona ngati pepala ndi chinthu chopepuka. Limu imodzi ya mapepala 500 a A4 imalemera makilogalamu 2.5 ndipo ndi yochindikala pafupifupi masentimita 5, kutanthauza kuti shelefu yotalika mita imodzi ikadzaza imanyamula makilogalamu oyandikira 50. Chitsulo chopyapyala chimapindika pakati. Ngati ndalama za mashelefu sizinapezeke, yalani matabwa pamwamba pa mabuloko a simenti, koma dziwani kuti thabwa ndi ndiwo ya chiswe, ndiye muzisuzumira pansi pake mwezi uliwonse.

Makatoni otola ku golosale asiyeni. Amene munali shuga, mabisiketi kapena mafuta ophikira amabwera ndi mazira a mphemvu komanso fungo loitana makoswe. Abwino, omwenso simulipira, ndi makatoni amene mumabwera malimu a mapepala: ndi aukhondo, ali ndi chivindikiro, saizi yake ndi ya A4 ndendende, ndipo akadzaza munthu mmodzi amanyamula osathyoka msana. Musamange mapepala m'majumbo poganiza kuti mukuwateteza. Pepala limakhala ndi chinyezi chake, ndipo likatsekeredwa m'pulasitiki n'kutenthedwa limachita thukuta, chuku n'kuyambira pomwepo.

Chuku chimayamba kumera chinyezi cha mumpweya chikamakhalitsa pamwamba pa 65 peresenti. Mapepala amakhala bwino pakati pa 40 ndi 55. Kwanu kuno si nkhani ya dzinja lokha, chifukwa chiperoni cha m'miyezi yozizira chimanyowetsa zinthu m'nyumba ngakhale denga lisakudontha. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, kamabatire, mukapachike pakati pa chipinda. Tsiku louma tsegulani mazenera mphepo idutse, la chiperoni tsekani, ndipo fani ikamazungulira maola angapo patsiku imathandiza kwambiri, chifukwa chuku chimakonda mpweya wongoima. M'mazenera ndi m'mabowo olowera mphepo ikani waya wotchinga udzudzu.

Tikudziwa kuti pa kopaletivi chipinda chokhoma chimakhala chimodzi, ndiye mumalowa zonse: mbewu, feteleza, mafuta a njinga yamoto, mopu yonyowa. Zimenezi zituluke. Mbewu zimaitana makoswe, mafuta ndi moto wongodikira tsiku. Tiyi ndi mandasi azidyera kwina.

Za chiswe chimene chalowa kale: musapopere mankhwala pamapepala, ngakhale othira m'chimanga aja, chifukwa anthu adzawagwira ndi manja n'kumanyambita chala potembenuza tsamba. Tulutsani katundu yense, gumulani timisewu tadothi tapakhoma, itanani odziwa ntchito yopha chiswe athire mankhwala pansi ndi kuzungulira maziko, kenaka matani ming'alu ndi simenti. Mapepala a chuku apatuleni kwa anzawo. Atulutseni panja pamthunzi tsiku louma, mutavala chotchinga pamphuno ndi magolovesi, aume kaye, ndiyeno musese chukucho ndi kaburashi kofewa kopakira penti. Kansalu konyowa kapena Jik zimangopaka banga n'kusungunula inki.

Malisiti asanduka oyera

*Malisiti a pamakina amene ndinasunga m'envulopu chaka chatha afufutika, ena sakuwerengeka n'komwe. Mnzanga akuti ndiziwamata pulasitiki pamakina a lamination. Ndi zoona? — Mwini sitolo ya zomangira, Mzuzu*

Bambo, mnzanuyo akupweteketsani. Malisiti amenewa alibe inki. Pepala lake ndi lopakidwa mankhwala amene amada akatenthedwa, ndipo makina amalemba powotcha timadontho. Mukalilowetsa m'makina a lamination, amene amagwira ntchito ndi kutentha, lisiti lonse limatuluka lakuda bii. Kuti mudziwe pepala lotere, likandeni ndi chikhadabo mwachangu: likasiya mzere wakuda, ndi lomwelo.

Dzuwa, kutentha, mafuta a m'manja, guluu, selotepi ndi timatumba tina tapulasitiki zimalifufuta msanga. Lisiti losiyidwa padashibodi ya galimoto mu Okutobala silichedwa. Njira yake ndi imodzi: lichiteni fotokope kapena lijambuleni ndi foni sabata yomweyo, lisiti lenileni mulilumikize kumbuyo kwa fotokopeyo, ndipo m'buku mulembe tsiku, nambala ya lisiti, dzina la wogulitsa ndi ndalama. Amene afufutika kale musawasite. Pitani kwa amene anakugulitsani katunduyo ndi tsiku ndi ndalama zake, akupatseni kope kapena sitetimenti yodinda chidindo.

Poti mwatchula lamination, tionjezepo. Chikalata cha malo, satifiketi ya bizinesi kapena ya TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) musamate. Zikamatidwa sizimatukanso, ndipo wofuna kutsimikiza chidindo kapena siginecha sangathe kukhudza pepala lenileni. Ikani m'kathumba koonekera kosamata ka polypropylene. Timatumba ta PVC, tofewa tonunkha pulasitiki tija, timayamwa zilembo za fotokope mpaka kuzisamutsira pa pulasitikipo. Pa mapepala okhalitsa chotsaninso malabala, amene amasungunuka n'kumatirira, ndi mapini achitsulo, amene amachita dzimbiri n'kudya ngodya ya pepala. Mangani ndi kachingwe kathonje.

Fayilo ilipo koma sikupezeka

*Pasukulu pathu mapepala satayika, koma kholo likabwera kudzafuna lipoti la mwana kapena umboni wa fizi, timatha theka la tsiku tikufufuza. Nthawi zina fayilo imapezeka m'galimoto ya ahedi. Ndiyambire pati? — Mlembi wa sukulu yoyima payokha, Lilongwe*

Mayi, vuto lanu ndi limene timalipeza m'maofesi ambiri, ndipo mankhwala ake si kabati yatsopano. Fayilo iliyonse ikhale ndi nambala yake, malo ake amodzi, ndi mzere wake m'kaundula.

Yambani ndi kugawa ntchito za pasukulu m'magulu ochepa, osapitirira 7 kapena 8: za ophunzira, za antchito, zachuma, za mayeso, za katundu ndi nyumba, makalata a ku unduna, maminitsi. Gulu lililonse mulipatse zilembo ziwiri, fayilo iliyonse nambala. ZC/03/2024, mwachitsanzo, ikhoza kukhala fayilo yachitatu ya zachuma, ya malisiti a fizi a chaka chimenecho. Nambalayo ilembedwe pachikuto ndi pamsana, ndi cholembera chosafufutika, pamalo amodzimodzi pa mafayilo onse. Fayilo yolembedwa kuti "Zosiyanasiyana" isapezeke. Imeneyo ndi imene imameza makalata ofunika, chifukwa aliyense wotopa amaponya momwemo.

Mafayilo a ophunzira ndi a antchito musawandandike potsata maina. A Banda ndi a Phiri mudzakhala nawo ambirimbiri, ena ofanana ndi dzina loyamba lomwe, ndipo dzina limodzi limalembedwa pawiri patatu. Aliyense akhale ndi nambala imene analembetsera, mafayilo aime motsata manambalawo, ndiye pambali mukhale ndi mndandanda wa maina motsata alifabeti wosonyeza nambala ya aliyense. Mndandandawo ukhoza kukhala pa kompyuta, koma kope losindikiza likhale m'dirowa, poti magetsi amathima kholo lili pakhomo.

M'kati mwa fayilo pepala latsopano lizikhala pamwamba. Lililonse likamalowa mulilembe nambala ndi pensulo pangodya yakumanja: 1, 2, 3. Zimaoneka ngati zachikale, koma munthu akasololamo tsamba 14 mudzadziwa kuti palibe. Fayilo yachikuto chofewa ikachindikala kufika masentimita 3 itsekeni, lembanipo tsiku loyamba ndi lomaliza, n'kutsegula gawo lachiwiri la nambala yomweyo. Mukaumiriza, mabowo amang'ambika ndipo mapepala apansi amayamba kugwa. Fayilo yaikulu ya lever arch, yachikuto cholimba ya zitsulo ziwiri zokolekamo mapepala ija, imakwana mapepala pafupifupi 500. Kupitirira apo zitsulo zake sizikumananso.

Tsono za ahedi. Gulani buku lachikuto cholimba mulembe mizere iyi: tsiku, nambala ya fayilo, wotenga, siginecha, tsiku lobweza. Pamalo pamene fayilo yachoka muikepo khadi lalitali la mtundu wowala lolembedwa dzina la wotenga, kuti dzenje lizioneka. Lachisanu lililonse onani amene sanabweze. Lamuloli limafa tsiku limene abwana atenga fayilo osasaina, ndiye musawatsutse pagulu. Akhazikeni pansi muwafotokozere kuti bukulo likuteteza iwo omwe, ndipo muwapemphe kuti alengeze okha pamsonkhano wa aphunzitsi ndi kukhala oyamba kusaina.

Zimene mumagwiritsa ntchito sabata iliyonse zikhale pafupi ndi desiki yanu. Za zaka ziwiri zapitazi zikhale m'kabati. Zakale zipite m'makatoni, katoni iliyonse ndi nambala yake yolembedwa kumbali yoonekera, zam'kati mwake zitalembedwa m'kaundula. Kabati ya madirowa anayi muziyamba kudzaza pansi ndipo muzitsegula dirowa imodzi nthawi imodzi. Awiri apamwamba akatseguka pamodzi atadzaza, kabati imagwera munthu. Mafayilo a antchito, a malipiro ndi a zaumoyo wa ana akhale m'kabati yokhoma, makiyi ali ndi anthu awiri odziwika. Kiyi wobisa pamwamba pa kabati yomweyo aliyense amamudziwa.

Tisunge mpaka liti?

*Chipinda chadzaza. Muli mapepala a zaka 15 zapitazo. Mesenjala wathu akuti tingomupatsa akagulitse kwa amayi a mandasi kumsika. — Woyang'anira ofesi ya kampani ya mayendedwe, Limbe*

Mesenjala asatenge ngakhale tsamba limodzi. Tonse tinagulapo chitumbuwa chokulungidwa m'pepala la malipiro a munthu wina, dzina, nambala ya chiphaso ndi akaunti ya kubanki zili poyera. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo la Data Protection Act, ndipo ofesi imene yasonkhanitsa mbiri za anthu ili ndi udindo woziteteza mpaka tsiku loziwononga.

Koma kutaya kumafunika, chifukwa kusunga chilichonse ndi kumene kumakwirira zofunika. Gawani patatu. Pali zosataya konse: zikalata zokhazikitsira kampani, za malo ndi nyumba, maminitsi a bodi, malipoti a maodita a chaka ndi chaka. Pali zosunga kwa nthawi: mabuku a ndalama, ma invoisi, masitetimenti a kubanki, zonse za misonkho ya PAYE (wodulidwa pa malipiro a antchito) ndi VAT. Izi ife timalangiza zaka 7 kuchokera kumapeto kwa chaka chachuma chimene zikukhudza, ndipo musanawononge funsani akauntanti wanu kapena a MRA ngati palibe chaka chimene akuchiunikabe. Makontirakiti asungeni nthawi yonse imene akugwira ntchito n'kuwonjezapo zaka zomwezo. Fayilo ya wantchito musaitaye chifukwa wachoka: nkhani za penshoni ndi zodandaula za ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, zimadzuka patapita nthawi, ndipo wopanda pepala ndi amene amavutika kudziteteza. Gulu lachitatu ndi zinyalala zenizeni: makope owonjezera, makatalogu akale, zoyeserera kulemba. Kawirikawiri zimenezi zokha zikachoka mashelefu amapuma.

Ngati pali mlandu, kafukufuku kapena ntchito ya maodita imene ili m'kati, chilichonse chokhudza nkhaniyo chisakhudzidwe ngakhale zaka zake zitakwana.

Powononga lembani mndandanda wa zimene zikupita, mkulu wa ofesi asaine, ndipo pakhale mboni. Makina abwino ong'ambira mapepala (shredder) ndi odula tizidutswa, osati timizere tatitali timene munthu wodekha akhoza kulumikiza. Mukasankha kutentha, musaponye fayilo yathunthu pamoto: mtolo wa mapepala umapsa m'mbali mokha, pakati n'kutsala powerengeka. Masulani, tenthani pang'onopang'ono m'mgolo wobowola m'munsi, wotchinga waya pamwamba kuti mapepala oyaka asauluke, ndipo takasani mpaka phulusa.

Owerenga a m'maofesi a boma, izi sizikukukhudzani mofanana. Mafayilo a boma satenthedwa mwa chifuniro cha ofesi. Pamafunika chilolezo ndi ndondomeko ya National Archives of Malawi ku Zomba.

Tikasikana, mapepala titaye?

*Tagula sikana. Kodi tikalowetsa zonse mu kompyuta tikhoza kutentha mapepala? — Msungichuma wa mpingo, Kasungu*

Ayi, makamaka amene ali ndi siginecha, chidindo kapena chala: zikalata za malo, makontirakiti, mabuku a ubatizo ndi maukwati. Sikana ikuthandizeni kupeza zinthu msanga ndi kukhala ndi kope lina, mapepala enieni n'kupuma osagwiridwagwiridwa.

Sikanani pa 300 dpi (muyeso wa kaonekedwe ka chithunzi umene mumasankha pa sikana), musunge ngati PDF. Dzina lililonse liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, monga 2024-03-15, kenaka nambala ya fayilo yapepala, kuti zizindandalika zokha ndipo wofuna pepala lenileni adziwe shelefu yake. Mukangosiya maina amene makina amapereka, pakatha chaka mudzakhala ndi zithunzi masauzande zosadziwika mutu wake. Tsegulani zimene mwasikana muone ngati masamba onse alowa, kuphatikizapo kumbuyo. Makope akhale atatu: pa kompyuta, pa hard drive yosungidwa kunyumba ina, ndi pa intaneti potseka ndi pasiwedi imene akuidziwa anthu awiri. Fulashi imodzi ya m'thumba la msungichuma si kosungira: imasowa, imalowa vayirasi, imachapidwa limodzi ndi buluku.

Madzi akalowa, moto ukabuka

*Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 ofesi yathu inalowa madzi ndipo tinayanika mafayilo padzuwa, koma ambiri anapindika ndi kumatana. Zikadzachitikanso tidzatani? Nanga sefu yosapsa ndi moto ndi yofunika? — Wogwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu, Blantyre*

Pepala lonyowa limayamba chuku pakatha maola 48 mpaka 72, ndiye ntchito yonse ili m'masiku awiri oyamba. Zimitsani magetsi musanaponde m'madzi. Fayilo yonyowa inyamuleni pathireyi kapena pathabwa, chifukwa ikalendewera imang'ambika ndi kulemera kwake komwe. Yanikani m'chipinda chouma kapena pakhonde pamthunzi, fani ikuwomba chapambali. Dzuwa limaumitsa kunja mofulumira m'kati mukadali monyowa, n'chifukwa chake anu anapindika. Yalani timilu tating'ono, pakati pa masamba angapo alionse muike pepala loyera losalembedwa, n'kumalisintha likanyowa. Nyuzipepala ayi, imasiya inki. Mabuku aimikeni chotsegula pang'ono. Masamba omatana musakakamize ali chinyowere, kupatula a pepala lonyezimira, amene akauma chomatana samatukanso; amenewo alekanitseni mwachifatse akadali onyowa. Akatsala pang'ono kuuma apanikizeni ndi thabwa ndi njerwa kuti awongoke.

Zikachuluka koti simungamalize m'masiku awiri, kulungani fayilo iliyonse payokha m'pulasitiki n'kuika mufiriji youmitsa. Kuzizira kumaimitsa chuku ndi kusungunuka kwa inki, ndipo mumatulutsa pang'onopang'ono monga mwa manja amene alipo. Nthawi ya namondwe magetsi savuta kusowa, choncho dziwiranitu kumene kuli firiji ya jenereta kapena ya sola.

Sefu ndi yofunika pa zikalata zochepa zimene bungwe silingayende popanda izo. Koma sefu yotchinga akuba si yotchinga moto. Yachitsulo wamba imasanduka uvuni. Yang'anani chizindikiro chosonyeza nthawi imene inayesedwa pamoto, mphindi 30, 60 kapena 120. Ya mapepala imapangidwa kuti m'kati musapitirire madigiri 177, kutentha kumene pepala limapirira koma hard drive ndi fulashi sizingapirire. Sefu zotere zimasunganso chinyezi m'kati, ndiye muzitsegula kamodzi pa sabata kapena ziwiri ndi kuikamo timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel. Iikeni pamalo okwera, chifukwa zambiri madzi amalowa.

Ngakhale zili choncho, musadalire nyumba imodzi. Mu 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland zinathera pomwepo, moti ofufuza mbiri mpaka lero amadalira makope amene anali kwina. Zikalata zanu zikuluzikulu zikhale ndi makope otsimikizidwa ndi loya kapena Commissioner for Oaths (wovomerezeka kulumbiritsa ndi kutsimikiza zikalata), osungidwa ku nthambi ina kapena kubanki. Chozimitsira moto chipachikidwe pafupi ndi khomo chakunja kwa chipinda cha mafayilo, osati m'kati kuseri kwa makatoni, ndipo chiziyesedwa chaka chilichonse. Makatoni oyenera kupulumutsidwa poyamba muwamate chizindikiro chofiira, akhale pashelefu yapakati pafupi ndi khomo, ndipo mlonda wa usiku akhale ndi manambala a foni a anthu awiri osunga makiyi.